Kutchaja batire la boti lamagetsi ku Mangochi: sola kapena jenereta?

Pa madoko a kuno kwathu, kuchokera ku Chembe ndi Msaka, kudutsa Monkey Bay ndi Makawa mpaka kukafika ku Malombe, batire si chinthu chachilendo. Asodzi ambiri a usipa anasiya nyali za parafini, siginala, yemwe amakopa usipa ndi kuwala, amalowa m'nyanja ndi mababu ndi batire m'bwato mwake. Chatsopano n'chakuti ena ayamba kufunsa za mota yamagetsi yokankha boti lenilenilo. Ofunsa kwambiri ndi onyamula alendo kupita ku Thumbi ndi Domwe, oponya mbedza ndi matchera kufupi ndi gombe, ndi owolotsa anthu pa Shire. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Petulo amatha kusowa sabata yathunthu, ukampeza wa m'zigubu mtengo wake umameza phindu lonse la tsikulo, ndipo nthawi zina amakhala wosakaniza ndi zinthu zoononga injini.

Ine ndimaika sola m'nyumba ndi m'magolosale, ndiye funsoli limandipeza kawirikawiri: batire la boti tizitchaja ndi sola, kapena tigule jenereta? Yankho langa silisintha. Sola ikhale pamtunda ndipo ntchito ya tsiku ndi tsiku izigwira ndiyo. Jenereta ikhale yopulumukira masiku a mitambo, ndipo ngati n'kotheka ikhale ya gulu. Koma musanatulutse ndalama pali masamu oti muchite. Amene amawalumpha ndi amene amandipeza patatha miyezi itatu atamangirira batire lakufa pa keliyala ya njinga.

Choyamba: dziwani chimene boti lanu limadya

Mota zazing'ono zamagetsi zili mitundu iwiri. Pali zija za 12V zolumikiza ku batire lapadera, monga za Minn Kota ndi zina zofanana nazo zochokera ku China. Pa katoni amalembapo mphamvu yokankha: 30 lb, 40 lb kapena 55 lb. Ya 30 lb mukaitsegula mpaka kumapeto imakoka ma amp pafupifupi 30, ya 55 lb pafupifupi 50. Ndiye pali zodula zobwera ndi batire lakelake, monga ePropulsion Spirit ya 1 kW, imene amaiyerekeza ndi injini ya petulo ya 3 HP. Zonsezi ndi za boti laling'ono. Boti la chilimira lodzaza ukonde wonyowa ndi anyamata khumi silingayende nazo, limenelo lisiyireni injini yake ya petulo.

Masamu ake ndi osavuta. Ma amp amene mota ikukoka muwachulukitse ndi maola amene ikuyenda. Tinene kuti mumayenda mwapakatikati, mota ikukoka ma amp 20, ndipo kupita ndi kubwera ndi maola 3. Mwadya 60 Ah (Ah ndi ma amp kuchulukitsa ndi maola, muyeso womwewo umene amalemba pa batire). Mukachulukitsa ndi 12V mupeza 720 Wh. Nambala yanu mukaipeza ilembeni pakhoma ndi khala, chifukwa kukula kwa batire, kwa panelo ndi kwa jenereta kuchokera pamenepo. M'nkhani yonseyi ndigwiritsa ntchito 60 Ah yomweyi ngati chitsanzo.

Maolawo musawaganizire m'mutu. Tengani foni muyeze ulendo wanu weniweni masiku atatu, tsiku la bata ndi tsiku la mphepo lomwe. Dziwaninso kuti pamadzi liwiro ndi lodula. Boti lamatabwa likafika pa liwiro lake, mukaonjezera mphamvu limangokumba madzi kumbuyo, mafunde n'kukula koma ulendo osafupika kwenikweni. Batire limene lingathe pa ola limodzi mutatsegula mota yonse likhoza kukuyendetsani maola atatu mukabweza dzanja pang'ono. Koma kusungako kumadalira mota. Zotchipa zija za magiya asanu zimataya magetsi ena ngati kutentha mukamayenda pang'onopang'ono, pamene zosintha liwiro mosadukiza zimasunga kwenikweni.

Chachiwiri: batire loyenera

Batire la galimoto musaliike m'boti. Linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako lidzazidwe pompo. Mukamalikhuthula tsiku ndi tsiku silitha miyezi ingapo. Funani lolembedwa deep cycle, lopangidwira kukhuthulidwa ndi kudzazidwa mobwerezabwereza, kaya ndi lamadzi, la gel kapena AGM, onsewa ndi a mtovu. Apo ayi la lithium lolembedwa LiFePO4.

La mtovu limalola kuti mudye theka lokha. Ngati ndi la 100 Ah, zanu ndi 50 Ah, zotsalazo ndi zake. Ndiye pa 60 Ah yathu ija mufunika losachepera 120 Ah, ndipo la 150 Ah ndiye labwino. La lithium limalola kudya 80 kapena 90 pa 100 iliyonse, choncho la 100 Ah likwanira. Limapirira kutchajidwa maulendo 2,000 kapena kuposa, pamene la mtovu ndi mazana angapo basi. Pali za kulemeranso, zimene munthu amazimvetsa akayamba kukwera nalo mchenga kuchokera pagombe tsiku ndi tsiku: la mtovu la 100 Ah ndi pafupifupi 30 kg, la lithium 12 kg kapena 13 kg. Vuto la lithium ndi mtengo wogulira, ndipo ambiri amayamba ndi la mtovu pa chifukwa chimenecho. Si kulakwa, bola mulisamale.

Kulemera komweko ndiko kumaulula batire labodza. Chaka china ndinagulira malume anga batire lolembedwa 200 Ah pa sitolo ina. Mtengo unali wofewa, chipepala chake chowala bwino. Titafika kunyumba, mnyamata wa Fomu 2 analitsitsa yekha pa njinga yamoto n'kulilowetsa m'khonde osapumira. Mtima wanga unagunda pomwepo. Tinakabwereka sikelo yoyezera chimanga, muvi unaima pa 31 kg. Batire la mtovu la 200 Ah lenileni limalemera 55 kg mpaka 60 kg, anthu awiri ndiye amalinyamula. Malume anali atagulitsa mbuzi ziwiri kuti alipeze, ndipo silinathe miyezi isanu. Kuyambira pamenepo sindigula batire ndisanaliyeze pa sikelo, ndipo wogulitsa akakana ndimatuluka.

Mdani wina wa batire kuno ndi kutentha. Aliyense wa ku Mangochi amadziwa mmene Okutobala ndi Novembala amaotchera. Batire la mtovu limakonda 25°C, ndipo likamakhala pamalo otentha madigiri 10 kuposa pamenepo moyo wake umafupika ndi theka. Musalisiye pamchenga dzuwa lili paliwombo, kapena m'kanyumba ka malata kopanda mazenera. M'boti likhale m'bokosi lamatabwa lokwezeka pang'ono kuti madzi a pansi asalifikire, lomangidwa kuti lisagubuduke, chivindikiro chili ndi timabowo.

Chachitatu: boti lanu limapuma nthawi yanji?

Funso ili ndi limene limagamula nkhani ya sola ndi jenereta, koma anthu saliganizira.

Dzuwa lotchaja bwino ndi la pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Ngati mumalowa m'nyanja madzulo n'kutuluka m'mbandakucha, muli ndi mwayi. Mukafika padoko mumatsitsa batire, kulilumikiza ku panelo, inu n'kukagona, ndipo pofika nthawi yobwerera m'nyanja ladzaza. Batire limodzi likukwanirani. Chimodzimodzi amene amakayendera matchera m'mawa kwambiri n'kubwerako dzuwa lisanakwere.

Koma ngati mumanyamula alendo kapena kuwolotsa anthu masana onse, boti ndi dzuwa zimagwira ntchito nthawi imodzi. Batire likafika kumtunda 5 koloko, panelo yagona kale. Apa ndi pamene ambiri amathamangira jenereta, n'kumaibangulitsa usiku uliwonse. Ine ndimati ndalama za jeneretayo mugulire batire lachiwiri. Lina lili m'boti, lina lili pa panelo, mawa n'kusinthanitsa. Mabatire awiri osinthana amakhalitsanso, chifukwa lililonse limapeza tsiku lathunthu loti lidzaze bwinobwino. Alembeni manambala ndi penti, 1 ndi 2, kuti mnyamata wa m'boti asasokoneze.

Ena amafunsa za kuika panelo pa boti pomwepo. Pa boti lalikulupo la alendo zimatheka ndipo zimathandiza pawiri: panelo imakhala denga la mthunzi, ndipo ya 200 W imatha kubweza ma amp 10 kapena kuposerapo dzuwa likakhala pakati, makamaka boti litaima alendo akusambira n'kumaonera nsomba za mbuna. Koma denga limakola mphepo ndipo limakweza kulemera m'mwamba. Pa bwato kapena boti lopapatiza musayese n'komwe, mwera ukalipeza cham'mbali lipidiguka.

Chachinayi: kumanga sola pamtunda

Tiyambe ndi kukula kwa panelo. Kuno tsiku labwino limapereka dzuwa lofanana ndi maola 5 kapena 6 a mphamvu yonse. Panelo siipereka zonse zolembedwa kumbuyo kwake, chifukwa nambala imeneyo anaiyeza panelo ili pa 25°C, pamene pa denga la kuno galasi limatentha moti simungaligwire. Kutentha, fumbi, mawaya ndi batire lenilenilo zimadya pafupifupi magawo atatu pa khumi. Ndiye panelo ya 300 W muiwerengere motere: 300 kuchulukitsa ndi maola 5 ndi 1,500 Wh, kuchotsapo zotayikazo mutsala ndi pafupifupi 1,050 Wh. Pa 720 Wh yathu ija ndi zokwanira, n'kutsalako zina za masiku a mitambo yopyapyala. Ya 100 W imene ambiri ali nayo kunyumba yotchajira mafoni ndi kuonera mpira singadzaze batire la boti tsiku limodzi, ingafune masiku awiri kapena atatu, ndipo batire la mtovu likamakhala losadzaza chonchi limafa msanga.

Mapanelo abodza aliponso, ndipo amagwidwa ndi tepi yoyezera. Ya 300 W yeniyeni ndi yaikulu ngati chitseko, pafupifupi mamita 1.6 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Munthu akakuonetsani kapanelo kokwanira m'khwapa kolembedwa 300 W, musataye nthawi.

Kenako reguleta, kabokosi kokhala pakati pa panelo ndi batire. Musalumikize panelo mwachindunji ku batire, lidzawira mpaka kuuma. Mareguleta ali mitundu iwiri, PWM ndi MPPT, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu zimatayikira. Panelo yaikulu ya 300 W imatulutsa ma volt opitirira 30 ndi ma amp pafupifupi 9. Reguleta ya PWM imangotsitsira panelo ku ma volt a batire, ma amp n'kukhala 9 omwewo, ndiye mwa 300 W mumalandira pafupifupi 130 W. Theka la panelo mwagulira pachabe. Ya MPPT imasandutsa ma volt otsalawo kukhala ma amp, moti batire limalandira pafupifupi 20 dzuwa likakhala bwino. Pa panelo yotere gulani MPPT ya 30 A. Yeniyeni imalemera m'manja, ili ndi zitsulo zoziziritsira kumbuyo, ndipo pamalembedwa ma volt a panelo amene ingalandire, monga 75V kapena 100V. Timabokosi topepuka ta pulasitiki tokhala ndi potchajira foni, ngakhale talembedwa MPPT, nthawi zambiri ndi PWM.

Poimika panelo, iyang'ane kumpoto, chifukwa ife tili kummwera kwa equator ndipo miyezi yambiri dzuwa limadutsa chakumpoto kwathu. Ipendeke pafupifupi madigiri 15, zimene zimathandizanso kuti mvula izitsuka yokha. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limatsika kwambiri, ndipo amene chimango chake n'chosinthika angaikweze kufika madigiri 30. Yang'anani mithunzi ya tsiku lonse, osati ya nthawi imene mukukhoma yokha. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango kapena ya mgwalangwa ukagwera pakona umagwetsa mphamvu ya panelo yonse. Italikirenso pamene amawambira nsomba. Utsi umene uja umasiya mafuta pagalasi, fumbi n'kumatirirapo, ndipo ndinaonapo panelo yabwinobwino ikupereka theka chifukwa cha zimenezi. Muziipukuta ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa m'mawa galasi lisanatenthe, kawiri pa sabata m'chilimwe. Chimango chikhale chachitsulo chowotcherera, chifukwa panelo yomangirira ndi waya siichedwa kupeza mwini wina.

Polumikiza tsatirani ndondomeko iyi osaisintha. Yambani ndi batire kupita ku reguleta, kuti reguleta izindikire kuti ndi 12V. Pa waya wofiira, pafupi ndi mutu wa batire, pakhale fyuzi ya 40 A. Mukatero sankhani pa reguleta mtundu wa batire lanu, pakuti lamadzi, la gel ndi la lithium satchajidwa mofanana. Pomaliza lumikizani panelo, mutaiphimba ndi chiguduli kapena katoni. Pochotsa muyambe ndi panelo, batire pambuyo. Popeza inu muzichotsa batire tsiku lililonse, ikani switchi pa waya wa panelo, muzizimitsa musanamasule batire. Mareguleta ambiri amene ndaona atapsa anapsa chifukwa batire linachotsedwa panelo ili padzuwa. Mawaya akhale a kopa weniweni, 6 mm² kapena kuposa, ndipo a pakati pa reguleta ndi batire akhale aafupi.

Chachisanu: jenereta

Jenereta ili ndi ubwino umodzi umene sola ilibe: siyang'ana kumwamba. Mu Januwale ndi Febuluwale mvula ikamata masiku atatu, panelo imapereka theka kapena kucheperapo, ndipo boti lokhala pagombe silibweretsa ndalama. Masiku amenewo jenereta imapulumutsa.

Koma tiwerengere petulo, ndipo tiwerengere m'malita chifukwa mitengo siikhazikika, makamaka chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023. Batire la mtovu la 150 Ah limalandira bwino ma amp 15 mpaka 25. Ndi tchaja ya 20 A, kubweza 60 Ah kungaoneke ngati maola 3. Sizikhala choncho. Batire la mtovu likafika pa 80 pa 100 limayamba kumwa pang'onopang'ono, ndipo gawo lomalizalo limatenga maola ena awiri kapena atatu. Nthawi yonseyo jenereta ikulira. Yaing'ono imamwa pafupifupi theka la lita pa ola ngakhale katundu wake achepe, ndiye pa tsiku ndi malita 2 kapena kuposa, pa masiku 20 ndi malita 40. Injini ya petulo ya 3 HP imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola itatsegulidwa yonse, ndipo pa liwiro lofatsa imamwa zochepera pamenepo. Mukuona nokha kuti munthu wotchaja batire la mtovu ndi jenereta tsiku lililonse sanathawe petulo, wangomuzungulira njira yaitali, ndipo wagula zida zitatu m'malo mwa chimodzi.

Ndi lithium nkhani imasintha pang'ono. La 100 Ah limalandira ma amp 40 kapena 50 mpaka pafupi kudzaza, ndiye ndi tchaja ya 40 A mumabweza 60 Ah pa ola limodzi ndi theka, petulo osafika lita. Koma tchaja yotereyi imakoka pafupifupi 700 W, choncho kajenereta kaja kosakaniza petulo ndi oyilo, kamene mphamvu yake yeniyeni ndi 650 W, sikangaikwanitse. Mufunika ya 1,000 W kupita m'mwamba, ndipo ya mtundu wa inverter ndiyo imapereka magetsi osadumphadumpha amene matchaja amakono amafuna, komanso imachepetsa yokha kumwa katundu akachepa.

Chinthu chimodzi ndikupempheni. Majenereta ambiri aang'ono ali ndi kabowo kolembedwa DC 12V, ndipo amabwera ndi kawaya kofiira ndi kakuda. Musatchajire pamenepo. Kamapereka ma amp pafupifupi 8 okha, ndipo nthawi zambiri kalibe choletsa batire likadzaza. Ndinaitanidwapo kwa bambo wina amene analisiya pamenepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinapeza batire la gel litatupa m'mbali ngati buledi, likutentha, nyumba yonse ikununkha ngati mazira owola. Gulani tchaja yeniyeni yolumikiza ku soketi ya 230V, yodziwa kusiya yokha, yogwirizana ndi mtundu wa batire lanu. Lizani jenereta kaye ikhazikike mphindi ziwiri, kenako mulowetse tchaja. Pozimitsa muyambe mwazula tchajayo.

Jenereta ilire panja, kutali ndi zenera ndi khomo. Utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene umapha munthu ali mtulo. Kuopa akuba kusakuchititseni kuilowetsa m'chipinda, imangeni ndi tcheni pamtengo kapena muimangire kakhola kotseguka m'mbali. Musathire petulo ikulira kapena ikadali yotentha. Batire lamadzi likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka, choncho fodya ndi mbaula zitalikire. Ndipo jenereta musakwere nayo m'boti kuti muzitchaja muli pamadzi. Magetsi a 230V, mapazi onyowa ndi mafunde sizikhalira pamodzi.

Chachisanu ndi chimodzi: kuziphatikiza

Tsiku la mitambo musadikire madzulo kuti muone ngati panelo yakwanitsa. Lizani jenereta m'mawa, batire lili ndi njala, pamene limameza ma amp onse amene tchaja ikupereka. Maola awiri akwana kulifikitsa pafupi ndi 80 pa 100. Zimitsani, mulisiyire panelo imalize gawo lapang'onopang'ono lija, limene silifuna dzuwa lamphamvu. Mwatero mwaotcha lita imodzi m'malo mwa ziwiri ndi theka, ndipo batire ladzaza mpaka pakamwa.

Popeza masiku otere pa chaka ndi owerengeka, jenereta ya munthu mmodzi imangokhala pakona n'kumachita dzimbiri, kabuleta n'kutsekeka ndi petulo wakale. Mutu umodzi susenza denga. Tchaja ya 20 A imakoka pafupifupi 350 W, ndiye jenereta ya 2,000 W imayendetsa matchaja anayi nthawi imodzi, ikumwa pafupifupi lita imodzi pa ola. Eni maboti anayi kapena asanu a doko limodzi angasonkherane, kaya kudzera ku banki m'khonde kaya pokambirana ku komiti ya pagombe, n'kusankha mmodzi woisunga, wosintha oyilo ndi kulemba m'kope amene watchaja. Aliyense akhale ndi tchaja yakeyake ya batire lake. Mabatire a anthu osiyana, ena atsopano ena okalamba, musawamange pamodzi pa tchaja imodzi, lofookalo limakoka anzake.

Amene muli kumene magetsi a ESCOM anafika, monga pa boma kapena ku Monkey Bay, njira yotchipa kuposa zonse ndi soketi ya m'nyumba. Kubweza 720 Wh ndi pafupifupi yuniti imodzi. Ngati mumagwira ntchito masana, tchajani usiku. Koma tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a ku Kapichira mu Januwale 2022, magetsi akuzima maola ambiri tsiku lililonse kwa miyezi. Panelo ikhalepobe. Ngakhale dziko lenilenilo likupita komweko: ku Golomoti, kumene msewu wobwera ku Monkey Bay umapatukira, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a 20 MW amene anayamba ntchito mu 2022, ndipo ali ndi mabatire akuluakulu osungira. Zimene tikumanga pagombe ndi zomwezo, zangochepa.

Pomaliza: pamadzi ndi pa nthawi yopuma

Kuchokera ku batire kupita ku mota ya 55 lb gwiritsani waya wa 16 mm² ndi fyuzi kapena breaker ya 60 A. Zopanira zija zonga kamwa la ng'ona zisiyeni, zimatentha ndi kutaya mphamvu. Mangani ndi mabawuti, mupake Vaseline pamitu.

Gulani multimeter, kamita koyezera ma volt, ndi yotchipa kuposa batire. La mtovu muliyeze litapuma ola limodzi kapena awiri: 12.7V ndi lodzaza, 12.2V ndi theka, likatsika pa 12.0V mwayamba kuliwononga. La lithium limanyenga. Limaonetsa 13.2V kapena 13.3V pafupifupi ulendo wonse, kenako kachipangizo kake ka m'kati kamadula magetsi mwadzidzidzi, mota n'kuima zii pakati pa nyanja. Ngati muli ndi lithium, ikani kamita kowerenga ma Ah amene atuluka.

Mphamvu imene mungadye muigawe patatu: gawo lopitira, gawo lobwerera, gawo losakhudza. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umadzuka nyanja itacha bwinobwino, ndipo mota yaing'ono polimbana ndi mafunde imakoka kawiri kapena katatu kuposa tsiku la bata. Ngati n'kotheka pitani moyang'anana ndi mphepo kuti pobwerera izikukankhani. Pa Shire yambani ndi kukwera mtsinje, pobwera madzi akuthandizeni. Nkhafi ziwiri ndi majekete oyandamitsa zisachoke m'boti. Mukamva mota yasintha kulira kapena boti lalemera, imani muone pulopela. Namasupuni kapena ulusi wa ukonde ukazengerera pamenepo mota imadya magetsi ambiri, ndipo ulusi wa nayiloni umadula rabala yoletsa madzi kulowa m'mota.

Mukafika kumtunda, batire la mtovu lilumikizeni tsiku lomwelo. Likagona lopanda kanthu masiku awiri kapena atatu, zitsulo zake za m'kati zimachita makoko oyera osasungunukanso, ndipo mphamvu yotayika choncho siibwerera. Ngati ndi lamadzi, tsegulani timitu kamodzi pa mwezi, m'nyengo yotentha kawiri, muonjezere madzi a batire ogula m'botolo mpaka aphimbe zitsulo. Madzi a m'nyanja kapena a pamjigo ayi, ndipo asidi saonjezera.

Boti likaima nthawi yaitali, kaya mwezi ukuwala, kaya nyanja yatsekedwa kumapeto kwa chaka, kaya mwapita kumunda, mabatire awiriwa amafuna zosiyana. La mtovu lisiyeni lili pa panelo, reguleta izilisunga lodzaza. La lithium lisiyeni lili chapakati, mumasule mawaya onse, muliike pamalo ozizira m'nyumba, ndipo mudzalidzaze dzulo lake la tsiku lobwerera m'nyanja.